Zithunzi Zingati pa Sekondi? Magemu, Liwiro ndi Malire a Makina

M'chaka cha 1978, kampani ya Taito ya ku Japan inatulutsa gemu yotchedwa Space Invaders, ntchito ya injiniya Tomohiro Nishikado. Pa sikirini pankaoneka zilombo 55 zochokera kuthambo, zitandanda m'mizere isanu, zikuyenda cham'mbali n'kumatsika pang'onopang'ono kulunjika kwa wosewera, amene ankaziwombera ali m'munsi. Chimene chinkagunditsa anthu mtima chinali liwiro. Poyamba zilombozo zinkayenda mwaulesi, koma zikamachepa zinkafulumira, mpaka chotsiriza chinkangoti zyu uku, zyu uko, osagwirika.

Liwiro limenelo linabadwa chifukwa cha kuchepa mphamvu kwa makina. Purosesa ya Intel 8080 imene inali m'bokosi la gemuyo sinkatha kusuntha zilombo zonse nthawi imodzi, choncho inkasuntha chimodzi chokha pa chithunzi chilichonse chimene sikirini inkaonetsa. Zilombo zikakhala 55, pankapita pafupifupi sekondi yathunthu kuti gulu lonse liponye phazi limodzi. Chikatsala chimodzi, chinkasuntha pa chithunzi chilichonse, ka 60 pa sekondi. Nishikado anazisiya momwemo, ataona kuti gemu inkakoma kwambiri ikamalimba chakumapeto.

Kuyambira nthawi imeneyo, opanga magemu ndi osewera akhala akulimbana ndi mafunso awiri. Kodi makina angajambule zithunzi zingati pa sekondi? Nanga ndi liti pamene kuli kwanzeru kuwaletsa kuti asajambule zonse zimene angathe?

Ntchito yochitika diso lisanaphethire

Palibe chimene chimayendadi pa sikirini. Munthu amaona zithunzi zongoima, zosinthana mofulumira kwambiri moti ubongo umazilumikiza n'kuona kuyenda. Mafilimu akhala akugwiritsa ntchito zithunzi 24 pa sekondi kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, pamene mawu anayamba kumveka m'mafilimu. Koma filimu ili ndi mwayi, chifukwa zithunzi zake zinajambulidwa kale ndipo makina amangozionetsa motsatana. Gemu ilibe mwayi umenewo. Chithunzi chotsatira sichingakonzedwe wosewera asanasankhe kukhotera kumanja kapena kumanzere, kupatsira mnzake mpira kapena kuumenyera ku golo. Chilichonse chimapangidwa pomwepo.

Ntchitoyo imagawidwa pawiri. Purosesa yaikulu, imene ambiri amaitchula kuti CPU, imamva mabatani amene adinidwa, n'kuwerengera kumene mpira ugwere, mmene galimoto iterereke pokhota, ndi chimene mdani aliyense achite. Ikatha imatumiza mndandanda wa zofunika kujambula ku khadi la zithunzi, lotchedwa GPU. Khadilo limasankha mtundu wa kadontho kalikonse ka pa sikirini, poganizira kuwala, mithunzi, utsi ndi madzi. Timadonthoto ndi tambirimbiri. Sikirini ya 1920 × 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo ya 4K ili ndi 8,294,400. Kuti gemu iyende pa zithunzi 60 pa sekondi pa sikirini ya 4K, khadi liyenera kupenta timadontho pafupifupi 500 miliyoni sekondi iliyonse.

Nambala imene osewera amaiona pakona ya sikirini, yolembedwa FPS, imatchula zithunzi zimene zatuluka m'sekondi imodzi. Opanga magemu amawerengera mwina: amafunsa nthawi imene chithunzi chimodzi chapatsidwa, ndipo amaiyeza m'mamilisekondi, pogawa sekondi m'zigawo 1,000. Pa zithunzi 30 pa sekondi, chilichonse chili ndi mamilisekondi 33.3. Pa 60 chili ndi 16.7, ndipo pa 144 chili ndi 6.9 okha. M'kanthawi kameneko CPU ndi GPU ziyenera kumaliza ntchito yawo. China chikachedwa, chinzake chimadikira, ndipo gemu yonse imatsatira chochedwacho. N'chifukwa chake munthu angagule khadi lodula, n'kuliika m'kompyuta ya purosesa yakale, koma nambala ija osasuntha.

Gemu ya Crysis, imene kampani ya Crytek ya ku Germany inatulutsa mu 2007, inaonetsa zimenezi poyera. Nkhalango zake ndi nyanja zake zinali zokongola moti makompyuta amphamvu a nthawiyo ankalephera kuzinyamula, ndipo kwa zaka zambiri kompyuta yatsopano inkayesedwa ndi gemu imeneyi. Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka khumi, makina apamwamba ankavutikabe m'malo ena a gemuyo. Ntchito yake yambiri inkadutsa m'chigawo chimodzi cha purosesa, pamene mapurosesa atsopano ankakula pochulukitsa zigawo zogwira ntchito nthawi imodzi. Zigawo zinazo zinkangokhala osachita kanthu, chimodzi chikusenza katundu yense.

Magetsi ndiwo anasankha 50 ndi 60

Manambala 30 ndi 60 amene osewera amakangana nawo anachokera ku nthambo za magetsi. Ma TV oyambirira ankatsitsimutsa chithunzi potsatira kagundidwe ka magetsi a m'nyumba. Ku United States magetsi amagunda ka 60 pa sekondi, choncho njira ya TV ya kumeneko, NTSC, imene dziko la Japan linatengeranso, inkatsitsimutsa sikirini pafupifupi ka 60. M'mayiko a ku Ulaya ndi ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi South Africa, magetsi amagunda ka 50 pa sekondi (50 Hz), ndipo njira ya PAL inkatsitsimutsa sikirini ka 50.

Magemu ambiri a m'ma 1980 ndi 1990 ankalembedwa ku Japan ndi ku America, ndipo ankawerenga nthawi potsatira zithunzi: chithunzi chimodzi, sitepe imodzi. Akawatumiza kumayiko a PAL osawakonza, chilichonse chinkachedwa ndi pafupifupi 17 peresenti. Sonic the Hedgehog ya mu 1991, gemu imene kampani ya Sega inkaitsatsa chifukwa cha liwiro, inkayenda mochedwa pa makina a Sega a Mega Drive a ku Ulaya, nyimbo zake zomwe n'kumamveka mokoka. Mwana wa ku London kapena ku Johannesburg ankasewera Sonic wochedwa poyerekeza ndi wa mnzake wa ku Tokyo, ndipo ambiri anadziwa zimenezi atakula kale.

Nkhaniyi inadzukanso mu 2018, pamene Sony inagulitsa kabokosi ka PlayStation Classic kokhala ndi magemu akale 20. Asanu ndi anayi mwa magemuwo, kuphatikizapo Tekken 3, anali a PAL. Ogula a ku America, amene anakulira pa 60, anamva kuchedwako m'zala mwawo nthawi yomweyo, ndipo madandaulo anali ochuluka.

Zithunzi zikamalamulira malamulo a gemu

Makompyuta a m'nyumba anakumana ndi vuto lomwelo, kungoti linadzera kwina. IBM PC yoyamba, ya mu 1981, inali ndi purosesa yothamanga pa 4.77 MHz, ndipo olemba magemu ambiri ankayeza nthawi potengera liwiro limenelo. Makina achangu atabwera, magemu akale anayamba kuthamanga moti munthu sakanatha kusewera. Opanga makompyuta anaika kutsogolo kwa bokosi batani lolembedwa Turbo, limene ntchito yake yaikulu inali kupatsa munthu mwayi wotsitsa liwiro la makina kuti mapulogalamu akale ayende bwino.

Doom, imene kampani ya id Software inatulutsa mu 1993, inatsata njira yokhwima. John Carmack, amene analemba maziko a pulogalamuyo, anakonza kuti dziko la m'gemu lizisintha ka 35 pa sekondi, theka la 70 Hz ya masikirini a VGA a nthawiyo. Kompyuta yofooka inkaonetsa zithunzi zochepa, koma zilombo zinkayenda pa liwiro limodzi pa makina onse. Ngakhale kompyuta yamphamvu bwanji, sinkapitirira 35.

Komabe kulekanitsa zithunzi ndi malamulo a gemu ndi ntchito yovuta, ndipo kampani yomweyo inapunthwapo. Mu Quake III Arena ya mu 1999, osewera anatulukira kuti akaika malire pa zithunzi 125 pa sekondi, munthu wawo ankadumpha mokwera pang'ono kuposa anzake, n'kufika pamalo pamene ena sankafika. Gwero lake linali masamu. Pa 125, chithunzi chilichonse chimatenga mamilisekondi 8 ndendende, ndipo mphamvu yokokera pansi inayenera kuchotsa 6.4 pa liwiro la wodumphayo pa chithunzi chilichonse. Koma pulogalamu inkasunga liwirolo m'manambala athunthu okha, choncho inkachotsa 6. Kachidutswa kotayikako, pobwerezedwa ka 125 pa sekondi, kankapeputsa thupi la wosewera. Nambala ya 125 inasanduka chizolowezi cha onse ochita mpikisano, ndipo magemu oyambirira a Call of Duty, amene anamangidwa pa maziko a Quake III, anatengera khalidwe lomwelo.

Zoterezi sizinathere m'zaka zimenezo. Mu Dark Souls II ya mu 2014, amene ankasewera pa kompyuta pa zithunzi 60 ankadabwa kuona malupanga awo akuthyoka msanga kuposa a anzawo a pa PlayStation 3 ndi Xbox 360, kumene gemu inkayenda pa 30. Lupanga likakhudza khoma kapena mtembo wa mdani, gemu inkawerengera kutha kwake pa chithunzi chilichonse, motero zithunzi zikachuluka kawiri, chidacho chinkatha mofulumira pafupifupi kawirinso. Kampani ya FromSoftware inakonza vutoli mu 2015. Mu Skyrim ya mu 2011, munthu akachotsa malire a 60, mbale ndi miphika zimauluka zokha m'nyumba, ndipo ngolo ya pachiyambi pa gemu imatha kugubuduka ndi akavalo ake. Mu 2018, pa nthawi yoyesa Fallout 76, ena anapeza kuti akachotsa malire n'kuyang'ana pansi, pamene palibe zambiri zojambula, zithunzi zinkachuluka ndipo munthu wawo ankathamanga kuposa anzake onse. Kampani ya Bethesda inathamangira kuika malire.

Masiku ano magemu okonzedwa bwino amakhala ndi mawotchi awiri. Malamulo a dziko la m'gemu amawerengedwa pa nthawi zoikika, ndipo zithunzi zimajambulidwa pa liwiro lililonse limene makina angakwanitse. Pamene gemu ili ndi malire osachotseka, kawirikawiri zikutanthauza kuti penapake mawotchi awiriwo akadali omangirirana.

Sikirini nayo ili ndi kayendedwe kake

Sikirini wamba imasintha chithunzi pa nthawi zoikika, ka 60 pa sekondi, kuyambira pamwamba kutsikira pansi. Khadi likatumiza chithunzi chatsopano sikirini ili pakati pa ntchito, mbali ya pamwamba imaonetsa chakale ndipo ya pansi imaonetsa chatsopano. Mzati kapena khoma limaoneka loduka pakati, ngati chithunzi chang'ambika. Mankhwala akale a vutoli ndi V-Sync, lamulo louza khadi kuti lidikire kaye sikirini imalize. Kung'ambika kumatha, koma pali mtengo wake. Batani limayankha mochedwerapo, ndipo chithunzi chikatenga mamilisekondi 18 m'malo mwa 16.7, chimaphonya nthawi yake. Zikatero sikirini imabwereza chakale, ndipo diso limaona kudodoma.

Ovina amadziwa kufunika kwa ng'oma yokhazikika. Woimba ng'oma akafulumira apa n'kuphonya apo, mapazi onse m'bwalo amasokonezeka, ngakhale kugunda konse kutachuluka bwanji mukakuwerenga. Zithunzi za gemu zimatero. Bloodborne, imene inatuluka pa PlayStation 4 mu 2015, inkatulutsa zithunzi 30 pa sekondi monga inalonjezera, koma osewera ankamva kuti ikugwedera. Akatswiri a Digital Foundry, amene amayeza zithunzi chimodzichimodzi, anaonetsa kuti zina zinkakhala pa sikirini mamilisekondi 16.7, zina 33.3, zina 50. Zonse pamodzi zinkakwana 30, koma kayendedwe kake kanali kotsimphina. Ndiye chifukwa chake oyesa makhadi satchula avereji yokha, amatchulanso liwiro la zithunzi zochedwetsetsa, chimodzi mwa 100 zilizonse, popeza ndi zimene wosewera amazimva.

Apa ndi pamene malire amaonetsa phindu lake. Makina amene amalumpha pakati pa 45 ndi 70 amapereka gemu yosokoneza, koma makina omwewo akamangidwa pa nambala imene angaikwanitse nthawi zonse, kuyenda kumasalala. Chofunika n'chakuti nambalayo igawike bwino ndi liwiro la sikirini. Pa sikirini ya 60 Hz, manambala oyenera ndi 60 ndi 30. Pa ya 120 Hz pamapezekanso 40, chifukwa chithunzi chilichonse chimakhala katatu ndendende. Kampani ya Insomniac Games inagwiritsa ntchito zimenezi mu 2021 poika njira ya zithunzi 40 mu Ratchet & Clank: Rift Apart pa PlayStation 5. Poyang'ana manambala, 40 amaoneka oyandikira 30. Poyang'ana nthawi, chithunzi cha pa 40 chimatenga mamilisekondi 25, amene ali pakati penipeni pa 33.3 ndi 16.7. Powonjezera zithunzi 10 zokha, wosewera amalandira theka la ubwino wonse wa 60.

Mu 2013 kampani ya Nvidia inalengeza G-Sync, ndipo mu 2015 masikirini a FreeSync ya AMD anafika m'masitolo. Njira ziwirizi zinatembenuza lamulo, kuti sikirini ndiyo izidikira khadi, n'kusintha chithunzi chikangokonzeka. Kung'ambika ndi kudodoma kunachepa kwambiri, koma zimenezi zimagwira ntchito pokhapokha zithunzi zikakhala pansi pa liwiro lotsiriza la sikirini. Pachifukwa chimenechi, osewera ambiri okhala ndi sikirini ya 144 Hz amaika malire pa 141.

Palinso phindu lina limene ambiri saliyembekezera. Khadi likamagwira ntchito mpaka kumapeto a mphamvu zake, CPU imapita patsogolo n'kuyamba kuunjika zithunzi pamzere, ndipo chilichonse chodikira pamzerepo chimakhala ndi zochita za wosewera zimene zayamba kale kukalamba. Malire oikidwa pansi pang'ono pa mphamvu za khadi amathetsa mzerewo, moti gemu imayankha msanga ngakhale nambala ya FPS itatsika. Zida zoikira malire zilipo zambiri: m'menyu ya gemu yomweyo, m'pulogalamu yoyendetsa khadi la Nvidia kapena AMD, kapena mu RivaTuner Statistics Server, pulogalamu yaulere imene osewera akhala akuidalira kwa zaka zambiri.

Kutentha, magetsi ndi batire

Khadi la zithunzi silidziwa kupuma lokha. Likapatsidwa chithunzi chosavuta, monga menyu ya gemu, limachijambula mazanamazana pa sekondi, mwina kupitirira 1,000, pamene sikirini ikuonetsa 60 zokha. Zotsalazo palibe amaziona, koma magetsi ake adyeka ndipo asanduka kutentha.

Mu 2010, StarCraft II itangotuluka, osewera anadandaula kuti makhadi awo akutentha kwambiri pa menyu, asanayambe n'komwe kusewera. Kampani ya Blizzard inavomereza kuti menyuyo inalibe malire, ndipo inawauza mizere iwiri yolemba m'fayilo ya gemu kuti menyu iziyenda pa 30 ndipo gemu pa 60. Mu July 2021 zinafika poipa. Pa nthawi yoyesa New World, gemu ya Amazon Games, makhadi ena a GeForce RTX 3090 opangidwa ndi EVGA anazimiratu osadzukanso. Khadi la mtundu umenewu linkayambira pa madola 1,499. Amazon inanena kuti gemu yake inalibe choopsa, komabe inaika malire pa menyu. Pambuyo pake EVGA inafufuza n'kupeza kuti pa makhadi ena oyambirira, tizipangizo toyendetsa magetsi sitinawotchereredwe bwino, ndipo inasinthira eni ake makhadi atsopano. Chilema chinali m'khadi, koma chinaonekera pamene khadilo linathamangitsidwa popanda chingwe.

Makina ambiri safika pofa, chifukwa amadziteteza. Purosesa ikayandikira madigiri 95 kapena 100, imadzichepetsa liwiro yokha mpaka izizire. Pa laputopu ndi pa foni, pamene mpata wa mpweya ndi wochepa, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Wosewera PUBG Mobile kapena eFootball amene wasankha liwiro lapamwamba amasangalala mphindi zoyambirira, kenako foni imayamba kutentha m'manja, zithunzi n'kuyamba kugwa pamene mpikisano wafika pachimake. Akanasankha liwiro lotsikirapo kuyambira pachiyambi, foniyo ikanalisunga mpaka kumapeto. Nyengo nayo imalowererapo. Makina amene amayenda bwino m'chipinda chozizira cha ku Dedza mu June amavutika ku Nsanje mu October, kumene kunja kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo fumbi likatseka timabowo ta fani zinthu zimaipiratu.

Magetsi amene khadi limadya amakwera msanga kuposa liwiro limene limawonjezera, chifukwa kuti lithamange kwambiri limafunanso mphamvu ya magetsi yokwerera. Zithunzi zomalizira, zimene makina amazifinya atatopa kale, ndizo zodula kwambiri. GeForce RTX 4090 ya mu 2022 inalembedwa kuti imadya mawati 450 payokha. Kompyuta yodya mawati 500 imatha yuniti imodzi ya magetsi m'maola awiri, ndipo ngati malire angatsitse kudyako kufika pa 250, yuniti yomweyo imakwana maola anayi. Kwa mwini malo osewerera magemu amene ali ndi makina angapo, kapena banja lodalira sola ndi batire, kusiyana kumeneku kumaoneka m'thumba.

Kampani ya Valve inaika nzeru imeneyi pamtima pa Steam Deck, kompyuta ya m'manja imene inatuluka mu 2022. Batire lake linkakhala pakati pa maola awiri ndi asanu ndi atatu malinga ndi kulemera kwa gemu. Valve inaika malire a zithunzi pa menyu yofikirika ndi batani limodzi, ndipo chaka chomwecho inalola sikirini kutsika kuchoka pa 60 Hz kufika pa 40 Hz, kuti wosewera asankhe yekha pakati pa kusalala kwa gemu ndi kutalika kwa ulendo.

Amene amafunadi zithunzi zochuluka

Zonsezi sizikutanthauza kuti liwiro lalikulu n'lopanda ntchito. Mphekesera yakuti diso la munthu siliona kupitirira zithunzi 24 kapena 30 ndi yabodza. Filimu imaoneka yosalala pa 24 chifukwa kamera imasakaniza kuyenda m'chithunzi chilichonse, ndiponso woonera sayendetsa kamerayo. Peter Jackson ataonetsa filimu yoyamba ya The Hobbit pa zithunzi 48 mu 2012, anthu anaona kusiyanako moti anagawanika, ena kukondwa, ena kunyansidwa.

M'magemu omenyana, chithunzi ndi muyezo wa chilichonse. Tekken ndi Street Fighter zimamangidwa pa 60, ndipo akatswiri amaloweza kutalika kwa nkhonya iliyonse m'zithunzi. Mu Tekken, nkhonya yachangu ya anthu ambiri imafika m'zithunzi 10, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a sekondi. Makina akagwetsa zithunzi ziwiri pa nthawi yolakwika, mpikisano watha. Mu Counter-Strike ndi Valorant, kumene wopambana ndi amene waona mnzake poyamba, osewera a m'mipikisano amachotsa zokongoletsa zambiri kuti apeze zithunzi mazana angapo. Masikirini a 360 Hz anayamba kugulitsidwa mu 2020, ndipo lero alipo opitirira 500 Hz.

Koma phindu limacheperachepera. Kuchoka pa 30 kupita pa 60 kumadula mamilisekondi 16.7 pa chithunzi chilichonse. Kuchoka pa 60 kupita pa 120 kumadula 8.3, kuchoka pa 120 kupita pa 240 kumadula 4.2, ndipo kuchoka pa 240 kupita pa 480 kumadula 2.1 okha, pamene makina ofunika amakwera mtengo kwambiri pa sitepe iliyonse. Amene ntchito yake ndi mpikisano angalipire mamilisekondi awiriwo. Amene akusewera gemu ya nthano kapena yomanga mizinda sapindulapo kwenikweni. The Legend of Zelda: Ocarina of Time ya mu 1998 inkayenda pa zithunzi 20 pa sekondi, ndipo mpaka lero imatchulidwa pakati pa magemu opambana onse.

Zithunzi zongopeka

Kuwonjezera mphamvu za makhadi kukamavuta, makampani ayamba kufunafuna njira zachidule. DLSS ya Nvidia, imene inalengezedwa mu 2018, ndi FSR ya AMD ya mu 2021, zimalola khadi kujambula timadontho tochepa, kenako pulogalamu n'kukulitsa chithunzicho kuti chidzaze sikirini. Mu 2022 Nvidia inapita patali ndi DLSS 3, imene imatenga zithunzi ziwiri zenizeni n'kupeka chachitatu choika pakati pawo. Mu 2025, makhadi a RTX 50 anayamba kupeka mpaka zithunzi zitatu pa chenicheni chimodzi.

Nambala ya pakona imalumpha, mwina kuchoka pa 60 kufika pa 240, ndipo m'maso kuyenda kumasalaladi. Koma chithunzi chopeka sichimva batani. Gemu imayankhabe wosewera pa liwiro la zithunzi zenizeni, ndipo imachedwerapo pang'ono chifukwa iyenera kusunga chithunzi chimodzi kuti ipeke za pakati. Ngati zenizenizo zili 30, dzanja limamva 30 ngakhale maso akuona 120. AMD yomwe imalangiza kuti gemu ikhale itafika kale pa 60 munthu asanayatse njira imeneyi.

Zimenezi zasintha ntchito ya oyesa makina. Kale ankalemba nambala imodzi ya FPS, owerenga n'kusankha khadi la nambala yaikulu. Tsopano amajambula mzere woonetsa nthawi ya chithunzi chilichonse, amayeza mawati ndi madigiri, ndipo amagwiritsa ntchito makamera othamanga kwambiri kapena kachipangizo ka Nvidia kotchedwa LDAT, komata pa sikirini, kuti awerenge mamilisekondi amene amadutsa kuyambira pamene chala chadina mausi mpaka pamene mfuti yawomba m'gemu.